CHUMA CHA MASIYE KU AMERICA: NCHITO YA BWALO LA COUNTY

Nkhani iyi inakambidwa pamaso pa mafumu, aphunzitsi ndi akulu a mipingo. Yalembedwa pano kuti iwo amene sanali pomwepo aiwerenge, ndi kuwerengeranso anzao m'midzi.

Pa maliro pali nchito ziwiri. Yoyamba ndiyo kulira, ndipo iyi anthu amagwira pamodzi. Yachiwiri ndiyo kugawa zimene wakufayo wasiya, ndipo apa mpamene chibale chimayesedwa. Masiku ano midzi yambiri iri ndi ana ao ku maiko akutali, ena ku Johannesburg, ena ku London, enanso ku America. Tsono mmodzi wa iwo akamwalira komweko, makolo ndi ana otsala kumudzi amafunsa kuti: kodi ndalama zache ndi katundu wache zapita kuti, nanga azigawa ndani? Nkhani ino ifotokoza za dziko la America lokha.

COUNTY NCHIANI?

Dziko la United States of America liri ndi zigawo zazikulu 50, ndipo chigawo chiri chonse chiri ndi malamulo ache ache a chuma cha masiye. Zigawozi nzogawidwanso m'madera ang'ono amene dzina lao ndi county. County iri ngati boma la Dedza kapena la Mchinji, pakuti iri ndi likulu lache, nyumba ya mirandu ndi maofesi osungiramo mabuku a malo. Ma county onse pamodzi amapitirira 3,000. Mirandu ya chuma cha masiye siipita ku Washington ai, koma imakambidwa ku county kumene munthuyo anali kukhala pa nthawi ya imfa yache.

Popeza malamulo asiyana chigawo ndi chigawo, nkwabwino kutenga chigawo chimodzi ndi kuchiona bwino. Chigawocho ndi Ohio. Ohio ali ndi ma county 88, ndipo county iri yonse iri ndi bwalo lochedwa Probate Court. Munthu wokhala mu mzinda wa Columbus nkhani yache imapita ku bwalo la Franklin County. Wa ku Cleveland, ku Cuyahoga County. Wa ku Cincinnati, ku Hamilton County. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi malamulo akulu a Ohio a chaka cha 1851. Woweruza wache amasankhidwa ndi anthu a m'county momwemo pa chisankho, ndipo amakhala pa mpando zaka 6. Bwalo lomweli limaperekanso chilolezo cha ukwati, ndi kuika anthu oyang'anira ana amasiye.

KUYAMBA KWA NKHANI

Bwalo silipita lokha pa siwa kukafunsa za chuma. Payenera kukhala munthu wopita ku ofesi ya bwalo ndi chikalata cha imfa, nalembetsa maina a mkazi kapena mwamuna wotsala, ana, ndi abale ena apafupi, pamodzi ndi kumene akhala. Ngati wakufayo anasiya wilu, ndiko kuti kalata yonena za kagawidwe ka chuma chache, nayonso iperekedwe.

Woweruza amayamba waona ngati wiluyo ndi yoona. Lamulo la Ohio lifuna kuti wolemba akhale wa zaka 18 kapena kupitirira, wa nzeru zache zonse, wosakakamizidwa ndi munthu. Wiluyo ikhale yolembedwa, mwini wache asaine kumapeto kwache, ndipo mboni ziwiri zisainenso. Mau a pakamwa sali ndi mphamvu, kupatula pa njira imodzi yopapatiza: munthu akanena mau ache pa matenda ache otsiriza, mboni ziwiri zimene siziri ndi gawo pa chumacho ziwalembe ndi kusaina asanathe masiku 10. Ngakhale pamenepo mauwo sagwira nchito pa nyumba kapena pa malo.

Wilu ikalandiridwa, abale onse odziwika amatumiziridwa mau. Amene aganiza kuti wiluyo njabodza, kapena kuti wodwalayo ananyengedwa, ali ndi miyezi 3 yokha yokasuma, kuyambira tsiku limene bwalo lauzidwa kuti onse adziwitsidwa. Ndipo munthu amene dzina lache liri m'wilu, naibisa dala chaka chathunthu popanda chifukwa chomveka, amataya gawo lache lonse.

WOYANG'ANIRA CHUMA

Nchito yosonkhanitsa ndi kugawa siigwiridwa ndi woweruza. Bwalo limaika munthu mmodzi, kapena awiri, kuti aigwire m'malo mwa wakufayo. Ngati wilu inachula munthu, ameneyo ndiye amaikidwa, ndipo dzina la udindo wache ndi executor. Popanda wilu bwalo limasankha lokha, ndipo wosankhidwayo ndi administrator. Limayamba ndi mkazi kapena mwamuna wotsala. Ngati iye palibe kapena wakana, limatenga mbale wapafupi. Koma administrator ayenera kukhala munthu wokhala mu Ohio. Chotero mkulu wache wa wakufayo amene ali ku Ntcheu, ngakhale akhale mwini mbumba wolemekezeka, sangaikidwe pa udindo umenewu.

Woyang'anirayo amalandira kalata ya bwalo yosonyeza mphamvu zache. Popanda kalata imeneyi a banki samtsegulira buku la ndalama za wakufayo, ngakhale alire bwanji. Kawirikawiri amaikanso chikole, chimene chimakhala chachikulu kawiri kuposa mtengo wa ndalama ndi katundu amene adzagwira. Chikolechi chimatengedwa ku kampani ya inshuwaransi, kuti iye akadya chuma, eni ache abwezeredwe. Wolemba wilu akhoza kunena kuti munthu wache asaike chikole, ngati amkhulupirira.

Asanathe miyezi 3, woyang'anirayo apereke ku bwalo mndandanda wa zonse zimene wakufayo anali nazo: nyumba, malo, galimoto, ndalama za m'banki, ziweto ndi makasu omwe ngati anali mlimi, chiri chonse ndi mtengo wache. Zinthu zobvuta kudziwa mtengo wache zimaonedwa ndi munthu wodziwa mitengo amene bwalo lambvomereza. Mndandandawu suli wachinsinsi. Munthu ali yense akhoza kupempha kuuona ku ofesi ya bwalo, ndipo ma county ambiri amaika mabuku ao pa intaneti. Mbale amene aona kuti galimoto ina yasiyidwa dala akhoza kudandaula kwa woweruza.

Nchitoyi iri ndi malipiro ache oikidwa ndi lamulo: madola 4 pa madola 100 ali onse, kufikira chuma cha madola 100,000, kupitirira pamenepo gawolo limachepa. Loya wothandiza pa nkhaniyo amalipidwanso kuchokera m'chuma chomwecho, ndipo bwalo liri ndi mphamvu yoona ngati malipiro ache ndi oyenera.

NGONGOLE ZIYAMBE ZATHA

Palibe mbale amene amalandira gawo lache ngongole zisanaonedwe. Ali yense amene wakufayo anali naye ngongole ali ndi miyezi 6, kuwerenga kuyambira tsiku la imfa, kuti apereke mau ache olembedwa kwa woyang'anira chuma. Akachedwa, kawirikawiri ngongoleyo yafa. Lamulo ili likhudza ndi anthu a kumudzi omwe. Mwina atsibweni anagulitsa ng'ombe zao kuti mwana wa mlongo wao apeze ndalama ya ulendo, napangana kuti adzabweza. Ngati iwo angokhala chete kudikira kuti mwambo wa maliro uthe, nadzakumbutsa chaka chamawa, adzapeza khomo lotseka.

Ngongole ziri ndi mzere wache. Zoyamba kulipidwa ndi zoonongedwa poyendetsa nkhaniyo ku bwalo. Zachiwiri ndi za maliro. Pambuyo pache pamabwera ndalama yothandiza banja, madola 40,000, imene imapita kwa mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana ang'ono. Kenaka zimabwera ngongole za boma lalikulu, za chipatala pa matenda otsiriza, ndi zina zonse. Chuma chikathera panjira, a kumapeto kwa mzere amabwerera chimanjamanja. Koma ana ndi makolo sakakamizidwa kulipira ngongole za wakufayo kuchokera m'thumba mwao, pokhapokha ngati anasaina nao pokongola. Ngongole ya nyumba yokha imatsata nyumbayo: woilandira amailandira pamodzi ndi ngongole yache.

Za msonkho, Ohio anathetsa msonkho wache wa chuma cha masiye kwa anthu omwalira kuyambira pa 1 January 1913 kuonjezapo zaka zana, ndiko kuti chaka cha 2013. Msonkho wa boma lalikulu umagwira chuma cha madola mamiliyoni ambiri chokha.

POPANDA WILU AMALANDIRA NDANI?

Apa mpamene pali mtima wa nkhani yonse. Munthu akafa osalemba wilu, lamulo ndilo limagawa, ndipo woweruza sangasinthe ngakhale amve chisoni. Silifunsa kuti analera wakufayo ndani, kapena anamlipirira sukulu ndani. Liwerenga makamaka ukwati ndi magazi.

Mwamuna akasiya mkazi ndi ana, ndipo ana onsewo ndi a mkazi yemweyo, chuma chonse chimapita kwa mkaziyo. Akasiya mkazi wopanda mwana, chonsenso nchamkaziyo. Akasiya ana popanda mkazi, anawo amagawana mofanana, wamwamuna ndi wamkazi chimodzimodzi. Makolo amalandira pokhapokha ngati palibe mkazi, palibe mwana, palibenso mdzukulu. Abale ndi alongo a mimba imodzi amabwera pambuyo pa makolo. Lamulo ndi lomweli akamwalira mkazi nasiya mwamuna. Pakasowa mbale ndi mmodzi yemwe, chuma chimagwera m'manja mwa boma la Ohio.

Chitsanzo ndi ichi. Mnyamata anachoka kumudzi nasiya mai ache okalamba, amene anali kuwatumizira ndalama mwezi ndi mwezi. Anasiyanso mwana wamkazi amene anabala asanapite, ndipo mwanayo tsopano ndi wamkulu. Atafika ku Columbus anakwatira mkazi wina, koma sanabale naye. Wamwalira popanda wilu, ndipo zitatha ngongole ndi ndalama yothandiza banja, patsala madola 80,000. Lamulo liti mkaziyo ayambe watenga madola 20,000, popeza mwana sali wache. Otsala 60,000 agawidwe pakati: 30,000 kwa mkazi, 30,000 kwa mwana wa kumudzi. Chotero mkazi walandira 50,000, mwana 30,000. Nanga mai aja? Salandira kanthu, ngakhale dola imodzi. Mkamwana akafuna kuwapatsa, ndi chifundo chache chabe.

Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola. Nzoona, koma ku bwalo la county chibale chimene sichinalembedwe sichioneka. Mnyamatayo akadakhala pansi tsiku limodzi ndi mboni ziwiri, nalemba kuti gawo lakuti lipite kwa mai ache, bwalo likadatsata mau ache. Wilu akadatha kuisungitsa ku ofesi ya woweruza yemweyo iye akali moyo, kuti isasowe.

Ngakhale ziri tero, wilu siingamane mkazi kapena mwamuna wotsala. Iye akaona kuti wapatsidwa zochepa, akhoza kuikana wiluyo natenga gawo la lamulo, ndilo theka la chuma chotsala, kapena limodzi la magawo atatu ngati pali ana awiri kapena ambiri. Koma ana akulu akhoza kusiyidwa m'wilu, ndipo lamulo la Ohio siliwabwezeramo.

WOBISA KATUNDU

Ku America nakonso alipo anthu a manja aatali, amene amathamangira kunyumba ya wakufa kukatola zinthu maliro asanaikidwe. Lamulo la Ohio liri ndi mankhwala ache. Munthu amene ali ndi gawo pa chumacho akadandaula, bwalo limaitana woganiziridwayo, nafunsidwa atalumbira. Akapezeka kuti anabisa kapena kutenga katundu, amalamulidwa kubweza mtengo wache, naonjezapo madola 10 pa madola 100 ali onse monga chilango, ndi kulipiranso zoonongedwa pa mlanduwo. Woyang'anira chuma nayenso akachita ulesi kapena chinyengo, woweruza amamchotsa pa udindo.

Ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1967, nalonso limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nao kundende. Koma ndalama ndi nyumba zimene ziri ku Ohio, za munthu amene anakhazikika komweko, zimatsata lamulo la Ohio.

CHUMA CHOCHEPA, NDI CHOSAPITA KU BWALO

Si nkhani zonse zimene zimayenda njira yaitali iyi. Chuma chikakhala chosapitirira madola 35,000, kapena chosapitirira 100,000 pamene wolandira zonse ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, bwalo likhoza kulola njira yachidule. Mapepala amachepa, ndipo nkhani imatha msanga.

Palinso chuma china chimene sichifika konse pa tebulo la woweruza. Ndalama za inshuwaransi ya moyo, ndi zimene munthu amasunga ku nchito kuti adzadye atakalamba, zimapita kwa munthu amene dzina lache linalembedwa pa fomu. Buku la ku banki likhozanso kulembedwa dzina la wodzalandira mwini wache akafa. Nyumba imene anthu awiri anailembetsa kuti wotsala adzatenge yonse imapita kwa wotsalayo. Pa zinthu izi fomu iposa wilu mphamvu. Kwa anthu ambiri a pa nchito, chuma chao chachikulu chiri m'mafomu amenewa. Chotero mwana wofuna kukumbuka makolo ache alembe maina ao pamenepo, ndipo akakwatira kapena kubala aonenso zimene analemba kale.

KUTSEKA BUKU

Ngongole zikatha, woyang'anira amagawa zotsala, ndipo amasunga umboni wa zonse zimene wapereka. Nyumba ndi malo zimasinthidwa dzina ndi kalata ya bwalo, imene imalembedwa m'mabuku a malo a county. Gawo la mwana wamng'ono silingoperekedwa kwa wamkulu ali yense wotambasula dzanja. Bwalo limaona kuti lasungidwa m'banki kapena kwa womyang'anira wobvomerezedwa, kufikira mwanayo atakwana zaka 18.

Potsiriza woyang'anira amapereka chiwerengero cha ndalama zonse zolowa ndi zoturuka. Lamulo lifuna kuti achite ichi isanathe miyezi 6 chimuikire pa udindo, koma pakakhala mlandu wa wilu, kapena nyumba yochedwa kugulitsidwa, nthawi imaonjezedwa, ndipo nkhani zina zimatha chaka kapena kupitirira. Woweruza akakhutira, amammasula woyang'anirayo, buku nkutsekedwa. Gawo la munthu amene sanapezeke likhoza kuikidwa m'thumba la county, ndipo mwini wache akadzaoneka ndi umboni akhoza kulipempha ku bwalo lomwelo.

ZOYENERA KUCHITA ABALE A KUMUDZI

Choyamba, makolo adziwe dzina la mzinda ndi la chigawo kumene mwana wao akhala, nalilembe m'buku. Kungoti ali ku America sikuthandiza, pakuti mabwalo ndi zikwi. Wodziwa mzinda apeza county, ndipo wodziwa county apeza bwalo.

Chachiwiri, imfa ikamveka, abale atumize msanga maina ao ndi keyala yao kwa woyang'anira chuma ndi ku ofesi ya bwalo. Bwalo silituma munthu kudzafunafuna mudzi uli kuseri kwa phiri, ndipo munthu wosadziwika kumene akhala salandira kalata. Aphunzitsi angathandize kwambiri pa kulemba makalata otere m'Chingerezi, ndi kusunga kope la kalata iri yonse.

Chachitatu, asunge mapepala: chiphaso cha kubadwa cha mwana chokhala ndi dzina la atate ache, mtchatho wa ukwati, malisiti a ndalama zokongozedwa ndi zoonongedwa pa maliro. Mwana wobadwa kunja kwa ukwati adzafunsidwa umboni wakuti wakufayo analidi atate ache, ndipo mau akuti mudzi wonse udziwa sakwanira.

Chachinai, munthu asasaine pepala limene sanalimve. Mapepala ena ndi ongobvomera kuti wadziwitsidwa, koma ena ndi okana gawo lache. Safunsa anadya phula. Achenjerenso ndi makalata ndi mauthenga a pa foni onena kuti mbale wina wasiya chuma chambiri, koma ayambe atumiza ndalama kuti chimasulidwe. Nkhani yoona iri ndi nambala yache m'buku la bwalo la county, ndipo zoonongedwa zache zimachokera m'chuma chomwecho.

Chachisanu chiri kwa makolo amene ana ao akali moyo. Ambiri amaopa kuchula za wilu, poganiza kuti nkuitana imfa. Koma munthu womanga nkhokwe saitana njala. Kholo likalankhula ndi mwana wache wa kutali, limfunse mwaulemu ngati analemba, ndi kumene kalatayo isungidwa. Funso limeneli ndi lobvuta tsiku limodzi lokha, koma likhoza kupulumutsa nkhalamba ku usiwa ndi mwana wamasiye ku kusiya sukulu.